Dimba la Mlendo

Kuno kwa Mphuka tiyi anatenga malo aakulu, ife tinatsala ndi timinda ta m'zitunda. Komabe tili ana, nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, makolo athu anabwereka othawa kwawo madimba a m'mbali mwa mtsinje. Tinkayesa kuti opereka ndife tokha, mpaka mayi wina wa ku Milange anaphunzitsa amayi athu kuumitsa makaka kuti asafumbwe. Chaka chimenecho njala ya mu February inatilambalala.

Ku madrasa timaphunzitsa ana kuti mu 622 Amuhajirina anasiya chuma chawo ku Makka, ndipo Answari, alimi a tende a ku Madina, anagawana nawo zokolola. Ulimi unasanduka ubale.

Lero othawa ambiri ali ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene malo olima ndi ochepa. Enanso ali pafupi nafe. Tikatuluka ku Jumu'ah tisamangowapatsa salamu. Tikhale nawo pansi, tiwafunse mmene ankalimira kwawo, tiwauze nthawi ya mvula yathu, tisinthane mbewu. Allah amadalitsa khasu la awiri.