Chidindo cha Chala Pazenera

Zenera lomaliza ndinalimata cha m'ma 3 koloko usiku. Kanali kachipatala kakang'ono ka kumudzi, kamene pulani yake ndinakhala ndikujambula semesita yonse, ndipo 9 koloko m'mawa kanayenera kukhala patebulo pamaso pa aphunzitsi atatu. Ife ophunzira zojambula mapulani a nyumba, kanyumba kotere timangoti model. Makoma anali a katoni yoyera, denga la katoni yamizeremizere, ndipo mazenera ndinawadula ku zikuto zakale za ma CD zimene ndinapempha kwa amalume. Zonsezo ndinamata ndi supa guluu wa pagolosale, uja wa timachubu. Poopa mphemvu ndi fumbi la kuhosteli, ndinaika model m'katoni yaikulu, n'kutseka bwinobwino, n'kugona.

Nditatsegula m'mawa, mazenera onse 14 anali mbuu ngati wina wawaza ufa. Pa atatu mwa iwo panali chidindo cha chala changa chachikulu, mizere yonse ikuoneka.

Tsiku limenelo ndinkayesa kuti ndagula guluu wachinyengo. Ayi ndithu, guluu anagwira ntchito yake. Dzina lake lenileni ndi cyanoacrylate, ndipo sauma chifukwa cha mphepo monga guluu wa mapepala. Amalimba akakumana ndi chinyezi. N'chifukwa chake amamata zala msanga kuposa nsapato imene mukufuna kukonza. Mukamuthira wambiri, wina sapeza chinyezi chokwanira nthawi yomweyo, ndiye amakwera ngati nthunzi, n'kukatera paliponse pamene pali chinyezi kapena thukuta, n'kuuma moyera. Pamalo opita mphepo nthunziyo imabalalika. M'katoni yotseka ilibe kolowera. Apolisi a m'mayiko ambiri amachita zimenezi mwadala: amaika chinthu chimene wakuba anagwira m'bokosi lotseka, n'kutenthetsa guluu yemweyu, zidindo za zala n'kutulukira. Ine ndinadzipangira labu ya apolisi pansi pa bedi, woganiziridwa mlandu n'kukhala ine ndemwe.

Chondiseketsa tsopano n'chakuti asayansi a ku America, mmodzi wa iwo Harry Coover, anapeza mankhwala amenewa mu 1942 akufunafuna pulasitiki yoonekera bwino yoti asilikali azilunjikira mfuti. Anawasiya chifukwa ankangomata chilichonse, mpaka kampani ya Eastman Kodak inadzayamba kuwagulitsa ngati guluu mu 1958. Chinthu chimene chinalephera kukhala galasi ndi chomwe chinachititsa khungu magalasi anga.

Koma chimene chinandipha si nthunzi ija. Ndi mmene ndinayesera kuichotsa. Mnzanga wa m'chipinda anathamanga kukabwereka mankhwala ochotsera kyuteksi kwa chibwenzi chake, akuti amasungunula supa guluu. Sananame, acetone amene ali m'mankhwalawo amamusungunuladi. Chimene tonse sitinadziwe n'chakuti amasungunulanso pulasitiki ya zikuto za ma CD. Nditangopukuta zenera loyamba, linafewa, linachita chifunga cha m'kati chosachokanso, ndipo thonje linakakamira pomwepo. Madontho ena analowa m'katoni n'kusiya chithimbirira pakhoma la kumaso. Ndinasiya nditaononga mazenera anayi. Nthawi inali itadutsa 8 koloko.

Aphunzitsi aakulu pa atatuwo sanayambe ndi mazenera. Anatulutsa karula kachitsulo m'thumba, n'kuyeza chibulumwa cha guluu chimene chinatumphuka pakona ya khonde. Mamilimita 4.

“Sikelo yanu ndi yotani?”

“1:100, aphunzitsi.”

“Ndiye chibulumwachi ndi masentimita 40. Mmisiri atakusiyirani simenti yotere pakhomo la chipatala, pomwe pazidutsa machira a odwala, mungamulipire?”

Sindinayankhe. Anandichotsera malikisi a kapangidwe ka model pafupifupi onse, ndipo kosi imene ndinkaidalira kuti ikweze zinazo ndinangoikhoza mwamwayi.

Sabata yonse ndinali ndi mlandu wanga wokonzeka, ndipo ndinauuza aliyense amene anakhala nane pa tebulo la chipisi. Ndinkati uku n'kupondereza amphawi. Anzathu ena amatumizidwa bolodi yeniyeni ya ma model kuchokera ku Johannesburg, ena amalipira kuti makina awadulire zidutswa zonse, pamene ine ndikudula zikuto za ma CD ndi lezala. Ndinkatinso tinabwera kudzaphunzira kuganiza nyumba, osati kumata makatoni ngati ana a sitandade 3.

Mbali yoyamba ija ndikuikhulupirirabe. Kusiyana kwa matumba kumaoneka patebulo lija, ndipo aphunzitsi amene amanamizira kusakuona akudzinamiza okha. Koma pa nkhani ya guluu mlandu wanga unali wopanda miyendo. Guluu woyera wa akalipentala, uja amati PVA, botolo limodzi limatha semesita yonse, pamene timachubu tija ndinagula tisanu ndi kamodzi usiku umodzi. Akauma amaonekera, satulutsa nthunzi yoyeretsa mazenera, ndipo akatumphuka mumangopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono asanaume. Vuto lake n'limodzi: amafuna kuti mugwire khoma ndi chala kapena tepi, n'kudikira. Ine sindinasankhe supa guluu chifukwa cha umphawi. Ndinamusankha chifukwa model ya masabata awiri ndinaiyamba kutatsala maola 20.

Pamene ndimasiyana nawo aphunzitsi aja ndi apa. Zaka ziwiri akhala akutichotsera malikisi chifukwa cha guluu, koma palibe anatengapo theka la ola kutiuza kuti guluu uti amagwirizana ndi chiyani. Timaphunzira poononga. Mnzanga wina anapaka guluu wonunkha wa osoka nsapato pa zoyera zopepuka zija amatetezera ma TV m'katoni, phiri lake lonse n'kusungunuka akuona. Wina anadonthezera supa guluu pa thonje, likutentha mpaka kumuwaula chala. Zonsezi n'zodziwika kale, kungoti zimayenda m'manong'onong'o kuchokera kwa a chaka chachinayi, ngati mwapeza wokoma mtima.

Ine wondiphunzitsa anali mkulu wina wokonza mafoni mumsika, amene ndinamupeza akumata galasi la foni. Nditamufotokozera, anaseka n'kunena kuti, “Achimwene, guluu sathira. Amadontheza papepala, n'kumatapa ndi kamtengo kotokosera m'mano.” Kadontho kochepa kamalimba msanga ndiponso kamagwira kwambiri kuposa dziwe.

Patchuthi ndinabwerera ku kachipatala kaja, osati chifukwa cha malikisi, koma chifukwa ndinkafuna kukajambula zithunzi zoika m'buku la ntchito zanga lofunsira malo ophunzirira ntchito. Apa m'pamene ndinaona kuti kuchotsa guluu n'kuleza mtima basi. Chibulumwa cha pakona ndinachipala ndi lezala latsopano, nditaligoneka pafupifupi chafufumimba ndi khoma, pang'onopang'ono, kenako n'kusalaza ndi sandipepa wa nambala 600 womata pa kamtengo kophwatalala kuti asadye kona. Guluu woti sanaume musamupale, mumangomufalitsa. Mazenera amene anangochita ufa wa pamwamba anayera nditawapukuta ndi kansalu kofewa ndi kadontho ka Colgate, ngakhale sanabwerere mwakale kwenikweni. Anayi aja a kyuteksi panalibe chochita. Ndinawagulula, n'kudula ena, n'kuwamata ndi guluu woyera, model ili pawindo lotsegula. Khoma lothimbirira ndinalikuta ndi pepala lina lopyapyala. Zinanditengera masana atatu kukonza zimene ndinaononga m'mphindi khumi.

Zenera limodzi, la kuseri kuchipinda cha mankhwala, ndinalisiya ndi chidindo chake. Kamera siifika kumeneko. Ndiponso m'kalasi mwathu mwayamba mphekesera zoti ena amagula ma model opangapanga kwa omwe anamaliza kale, ndipo aphunzitsi ayamba kufunsa mafunso. Akadzafika pa ine, ndidzangotembenuza kachipatalako n'kuwapatsa chala.