Zala Zonunkha Fodya

Anzanga ena pano amandiseka akamva kuti ine, mwana wokulira pakati pa zigafa za ku Kasungu, ndimagona ndi kudzuka ndi nyimbo za ku Spain zotchedwa flamenco. Ati nkudzitukumula. Mlandu suzengedwa mwini wake palibe, choncho ndiloleni ndidziyankhire.

Kwawo kwa flamenco ndi ku Andalusia, kumwera kwa Spain, makamaka pakati pa mtundu wa Gitano, anthu amene adakhala akunyozedwa ndi kupirikitsidwa kwa zaka mazanamazana. Pamakhala woyimba, wovina, wa gitala ndi oomba m'manja. Ine chidandigwira mtima ndi dzanja lamanja la wa gitalayo. Zala zimatambasuka chimodzichimodzi mofulumira, nkukwapula nsambo ngati matalala pa malata, kwinaku chala china chikugogoda thabwa la gitalayo. Munthu mmodzi, koma ungayese pali gitala ndi ng'oma. Ndidayamba kumva zimenezi pa kaseti ya Paco de Lucía, pamene padali nyimbo yake ya mu 1973, Entre dos aguas. Kasetiyo ndidaibwereza mpaka idatafunika.

Komatu kugogodako sikudali kwachilendo m'khutu mwanga. Pa esiteti ina kufupi ndi Santhe, pamene bambo wanga adali kalaliki, padali tenanti wina wochokera ku Mulanje. Gitala yake idali ya chigubu cha oyilo, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Chaka chonse gitalayo inkangopachikika kudenga. Nanga munthu angaimbe bwanji akuthirira nazale, kuokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya? Koma mabelo akagulitsidwa ku okushoni, bwana nkuchotsera ngongole ya chimanga, feteleza ndi makasu, tsiku limenelo ndiye ankaitsitsa. Ena ankalandira makwacha oti nkugulira njinga. Ena ankauzidwa kuti ngongole yaposa fodya, atsalenso chaka china.

Madzulo amenewo mkuluyu ankakhala pa mtondo wogadamiza. Zala zake zidali zakuda bii ndi utomoni wa fodya umene sopo sachotsa. Ankayamba pang'onopang'ono ngati akufunsa gitalayo za kumudzi, kenaka chala chachikulu chinkatenga besi, cholozera chikuyankha pamwamba, zotsalazo zikumenya chigubu. Amayi a Chilomwe ankalowetsa m'manja mwa mitundu iwiri, ena pano ena apo, osaombana. Nyimbo zake zidali za sikelo ya kapitawo, za mwana woikidwa m'manda a eni, za basi ya ku Limbe imene sakwera. Anthu ankaseka, koma kuseka kwake kwa m'maso mofiira. Palibe adamujambula mawu. Nyumba ya Malamulo idadzaletsa utenanti mu 2021, iye atapita kalekale.

Mwayi umene iye adausowa udagwera Daniel Kachamba wa ku Chileka, yemwe adabadwa mu 1947, chaka chimodzi ndi Paco de Lucía. Gerhard Kubik wa ku Austria adamupeza akuimba ndi mng'ono wake Donald mu 1967, ndipo gitala yake idakamveka mpaka ku Ulaya. Komabe adamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha, pamene mnzakeyo adaimba m'maholo akuluakulu a dziko lapansi kufikira 2014. Ndikaika nyimbo za awiriwa motsatizana sindimva mphunzitsi ndi wophunzira ayi. Ndimamva amisiri awiri.

Flamenco yeniyeni ndidadzaiona ndi maso nditakula, ku Seville, m'kachipinda kena ku Triana kosaposa kalasi ya sitandade 1. Masana ake ndidali nditazungulira nyumba yaikulu ya yunivesite ya mumzindawo, nkumva kuti kale idali fakitale ya mfumu yopangira fodya, mmene amayi zikwizikwi ankapota ndudu, ambiri a iwo ochokera ku Triana komweko, tsidya la mtsinje wa Guadalquivir. Ndidangoti ha, fodya wanditsata.

Usikuwo padalibe chokuzira mawu. Wa gitala, mnyamata woonda, adasanjika mwendo nangoyang'ana pakamwa pa woyimba, nkhalamba ya mawu osasa ngati wagona pa maliro. Ichi kaseti sidandiuze: wa gitala sathamanga yekha, amadikira. Nkhalamba ikakoka mawu, iye amaleka nsambo zili duu; ikagwetsa, iye amaiwakha. Nyimbo zambiri zimayenda pa kugunda 12, ndipo oomba m'manja ankakusunga osawerenga, monga amayi asungira mtondo posinja awiri. Chispanishi sindichidziwa, koma woyandikana naye adandinong'oneza kuti imodzi mwa nyimbozo idali taranta, ya anthu a m'migodi ya kum'mawa kwa Andalusia. Ku La Unión adakhazikitsa chikondwerero cha nyimbo za m'migodi mu 1961, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO lidalemba flamenco m'kaundula momwe muli Gule Wamkulu wathu. Iwo adaona kuti kudandaula kwa wantchito nchuma choyenera kusunga.

Chaka chatha ndidapita ku Santhe kukafunsa ngati alipo wokumbukira nyimbo za tenanti uja. Zigafa zambiri zidagwa, m'minda muli soya ndi mtedza. Gogo wina adandiimbira mizere iwiri ya nyimbo ya sikelo, nati yotsalayo idapita ndi mwini wake ku Mulanje.