CIFUKWA CIANI NKHOPE ZATHU ZIMADA PA PEPALA?

Masiku ano palibe msonkhano wa acinyamata umene umatha popanda kujambulana. Kaya ndi ukwati, kaya ndi ulendo wa kwaya, mafoni amakhala m'mwamba. Zithunzi zambiri zimathera m'foni momwemo, koma zocepa timazisankha kuti zisindikizidwe, tipacike pa khoma kapena titumize kwa agogo kumudzi. Apa ndi pamene ambiri timakhumudwa. Pa kompyuta cithunzi cinali cowala bwino, koma pa pepala cabwera cakuda, nkhope sizioneka, ndipo diresi loyera lasanduka lacikasu. Pomwepo timayamba kukalipira a ku situdiyo.

Ine ndimasunga zithunzi za gulu lathu kuno ku Livingstone, popeza ndinaphunzirako za makompyuta ku koleji. Cimene ndaona ndi cakuti nthawi zambiri mlandu suli pa makina osindikiza ai. Uli pa sikirini imene tinakonzerapo cithunzico.

Mlongo wina wa m'gulu lathu atakwatiwa, onse tinapita kukajambulitsa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Malo amenewa ndi okongola, koma ndi obvuta kwa kamera. Madzi a Zambezi amagwa mamita oposa 100 pa mulifupi wa mamita 1,708, ndipo m'mwezi wa April nthunzi yoyera imadzaza paliponse. Kamera ikaona kuyera konseku imacepetsa kuwala, ndiye munthu wakhungu lakuda amene waima kutsogolo amada koposa. Mbale wa mkwati anakonza zithunzizo pa laputopu yake yatsopano ndipo zinaoneka bwino kwambiri. Zitasindikizidwa, utawaleza unalipo, diresi linalipo, koma pa nkhope za eni ukwati panangotsala mano ndi maso. Amai a mkwatibwi anacigwira cithunzico nthawi yaitali, kenaka anacibweza mu envulopu. Ndalama zinapita, ndipo tsiku la ukwati silibwerezedwa.

Kodi cinacitika n'ciani? Sikirini ndi nyali. Imatulutsa kuwala kwake, ndipo mitundu yonse imene timaona imacokera ku tinyali ting'onoting'ono ta mitundu itatu: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Pepala lilibe nyali. Limangobweza kuwala kwa dzuwa kapena kwa getsi la m'cipinda, ndipo utoto uliwonse umene uli papepalapo umameza gawo lina la kuwalako. Tsono sikirini ikakhala yowalitsa, cithunzi cakuda cimaoneka ngati cabwino, ndipo wokonza sacionjezera kuwala. Pepala ndi limene limadzaulula zoona.

Makampani amagulitsa masikirini atawalitsidwa kwambiri kuti akope ogula m'sitolo. Kuwala kumeneku kumayezedwa m'makandela pa sikweya mita. Masikirini ambiri atsopano amafika 250 kapena kuposa, pamene anthu amene nchito yao ndi kusindikiza zithunzi amatsitsa ao kufika pakati pa 80 ndi 120. Sikirini ili ngati sikelo ya pa msika wa Maramba. Ngati sikelo imanama, kapenta yense woyezedwapo adzakhala wolakwika, ngakhale wogulitsayo akhale woona mtima. Sikelo imayesedwa ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Sikirini nayonso imafuna muyezo wocokera kunja kwake.

Miyezo imeneyi ilipo. Mu 1993 makampani monga Adobe, Apple, Kodak ndi Microsoft anakhazikitsa bungwe la International Color Consortium, kuti sikirini ndi makina osindikiza zizimvana. Makina alionse amakhala ndi kafayilo kofotokoza mmene iwo amaonetsera mitundu. Mu 1996 makampani a HP ndi Microsoft anatulutsa muyezo wa sRGB, umene mafoni, makamera ndi masitudiyo ambiri amatsata kufikira lero.

Koma ife anthu akuda tiyenera kudziwa kuti muyezo umakonzedwa ndi munthu, ndipo munthu amaona za kwao. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza ku masitudiyo khadi lokhala ndi cithunzi ca mai wacizungu, lodziwika ndi dzina lakuti Shirley. Osindikiza anali kukonza makina ao kufikira khungu la maiyo litaoneka bwino, osaganizira kuti khungu lakuda lidzaoneka motani. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzafala m'zaka za m'ma 1990. Ndiye ngati ife eni ake sitisamala za mmene nkhope zathu zidzaonekere, adzatisamalira ndani?

Nazi zimene ndimacita ndisanatumize cithunzi ku situdiyo.

Coyamba ndi cipinda. Dzuwa la ku Livingstone ndi laukali, ndipo likamenya pa sikirini simungaone kanthu moona. Ndimatseka katani pang'ono ndi kukhala pamene zenera silili kumbuyo kwanga kapena kumbuyo kwa kompyuta. Ndimayatsa kompyuta ndi kuisiya mphindi 30 kuti kuwala kwake kukhazikike. Ndimazimanso cida cija cimene cimacititsa sikirini kukhala yacikasu usiku kuti maso asawawe.

Caciwiri ndi kutsitsa kuwala. Ndimatsegula tsamba loyera pa sikirini, ndi kugwira pepala loyera pambali pake. Ndimatsitsa kufikira ziwirizi zitayandikirana. Poyamba sikirini imaoneka ngati yadwala, koma maso amazolowera msanga.

Cacitatu ndi mitundu. Kompyuta ya Windows ili ndi pologalamu yake yochedwa Calibrate display color, imene imakutsogolerani pang'onopang'ono popanda kulipira. Kumene kuli kosankha manambala, kuyera kuikidwe pa 6500K ndipo gamma pa 2.2. Gamma ndiyo imalamulira mmene sikirini imayendera kucoka pa kuda kufika pa kuyera, ndipo m'kati mwa ulendo umenewu ndi mmene muli khungu lathu. Komabe maso a munthu amatopa ndiponso amanyengeka. Njira yodalirika ndi kacipangizo koyezera mitundu, monga Spyder ya kampani ya Datacolor, kamene kamalendewera pa sikirini, kuwerenga mitundu ndi kulemba kafayilo kaja. Mtengo wake ndi wokwera kwa wacinyamata mmodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Magulu angapo angasonkhe ndi kumabwerekana, popeza kamagwira nchito mphindi zocepa pa mwezi.

Cacinai ndi kulankhula ndi a ku situdiyo mwaulemu. Ndimasunga zithunzi mu sRGB, ndipo ndimawafunsa ngati makina ao amasintha okha kuwala ndi mitundu. Ngati ndakonza kale, ndimawapempha kuti asasinthe. Kenaka ndimasindikiza cithunzi cimodzi cacing'ono cokhala ndi nkhope, malaya oyera ndi mthunzi. Ndimaciona pafupi ndi zenera masana, osati pansi pa getsi lacikasu, ndi kuciyerekeza ndi sikirini. Zikagwirizana, ndi pamene ndimalipira zotsalazo.

Ngakhale mutacita zonsezi, pepala silidzawala monga sikirini. Buluu wina ndi kubiriwira kwina kumene nyali imaonetsa, utoto sungafikepo. Cimene tifuna ndi cakuti agogo akalandira cithunzi azindikire mdzukulu wao popanda wina kuwalozera.

Acinyamata anzanga, foni imabedwa, imagwa m'madzi, ndipo kakhadi kake kamaonongeka. Pitani ku Livingstone Museum mukaone zithunzi zakale za tauni yathu. Zakhalapo mpaka lero cifukwa wina anazisindikiza mosamala. Ana athu adzatidziwa ndi zithunzi zimene tisindikiza tsopano. Musanapite ku situdiyo ulendo wotsatira, khalani pansi ola limodzi ndi sikirini yanu, ndipo yambani ndi cithunzi cimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.