Uzamba wanga kwa Zulu

Ndinayamba ngati mwana wotumidwa. Agogo anga aakazi anali azamba m'mudzi mwathu, kuno kwa Inkosi Zulu ku Mchinji, ndipo akaitanidwa usiku ine ndinkawanyamulira koloboyi. M'nyumba sindinkalowa, poti mtsikana wosabereka saona zimenezo. Ntchito yanga inali yophitsa madzi panja. Anandilola kulowa nditabereka mwana wachiwiri.

Agogo sankachulutsa gaga m'diwa. Ankagwira dzanja langa n'kulikanikiza pamimba ya wodwalayo. "Gwira apa, mwanawe. Cholimba chozungulirachi ndi mutu. Chofewacho ndi matako." Mutu ukakhala pansi, mitima inkakhala m'malo. Koma akapeza kuti mwana wapingasa, kapena mayiyo watupa nkhope ndi manja, ankapukuta manja awo pachitenje n'kunena kuti, "Uyu si wathu, mangani ng'ombe." Ngolo inkanyamuka usiku womwewo kupita ku Boma. Phunziro lalikulu limene anandisiyira ndi limenelo: kudziwa wodwala amene si wako.

Ndachiritsa amayi ambiri pamphasa, ndi lumo latsopano ndi ulusi wophitsa. Ana ena amene ndinawalandira lero ali ndi ana awo, ena amachita geni pa Kamwendo, ena anaoloka pa Mwami n'kukakhazikika ku Chipata. Tikakumana amagwada n'kundiitana kuti agogo.

Koma pali usiku umodzi umene sundichoka m'mutu. Anandiitana kwa mtsikana wa mimba yoyamba. Nditafika ndinapeza akugubuduka, ululu ukubwera motsatizana osampatsa mpata wopuma. Kuseri kwa chitseko ndinaona chikho chotsala madzi oterera. Apongozi ake anali atamumwetsa kale mwanamphepo kuti achire msanga, njira isanatseguke. Tinamukweza pangolo, ine nditamugoneka mutu pamiyendo panga, magazi akudontha m'matabwa. Mayiyo anapulumuka atamupanga opaleshoni, koma anapita padera, ndipo chiberekero chinali chitang'ambika. Kuyambira tsiku limenelo mwanamphepo sindimugwira, ndipo ndikamva kuti wina akumupereka ndimapita ndekha kukamudzudzula.

Mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi. Zinandiwawa, sindibisa. Ife amene tinkadzuka pakati pa usiku, mvula ikugwa, kulipidwa nkhuku kapena zikomo chabe, tinayamba kuonedwa ngati olakwa. Mu 2010 a Bingu wa Mutharika ananena kuti azamba asaletsedwe koma aphunzitsidwe. Kenaka mu 2012 a Joyce Banda atayambitsa ntchito ya uchembere wabwino, mafumu anaigwira nkhaniyi mwamphamvu, ndipo wochilira pakhomo ankalipitsidwa chindapusa. Ndinakhala pansi n'kuganiza. Dzanja langa limadziwa mutu wa mwana, koma silingayeze magazi. Kuyambira 2011 mayi woyembekezera akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti mwana atetezeke, ndipo zimenezo zimachitika kusikelo, osati pamphasa panga. Mayi akayamba kutaya magazi nsengwa itatuluka, ine ndilibe botolo la magazi loti ndimuike. Ndinapachika lumo.

Ntchito yokha sinathe. Mtsikana akaima, amayamba wabwera kwa ine asanauze ngakhale amuna ake, ndipo ndimamuperekeza kusikelo mwezi wachitatu usanathe. Masiku akayandikira timamanga limodzi katundu: zitenje zochapa, beseni, ufa, nkhuni, n'kupita kukadikira kuchipatala. Akatuluka ndimakhala naye m'chikuta, kumuonetsa kagwiridwe ka bere kuti mwana aziyamwa mbali yonse yakuda ya berelo osati nsonga yokha. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene kale tinkaufinyira pansi poyesa ngwoipa, lero ndimati mwana auyamwe wonse. Pamchombo sindilola phulusa kapena zopaka za m'nyumba.

Za zitsamba, kuseri kwa nyumba yanga ndiye kuli nkhokwe. Chammwamba ndimathyola masamba ake m'mawa, kuyanika pamthunzi kuti asayere, kusinja, kusefa, n'kuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Mtedza kuno ku Mchinji timalima tokha, choncho mayi woyamwitsa sayenera kumwa phala lopanda kanthu. Wa chimfine ndimamufunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugama ndi a ndimu. Munthu wamkulu akatsegula m'mimba pang'ono, masamba anthete a gwafa ophitsa amathandiza. Muwawani, wowawa uja, ndimasenda khungwa lake mbali imodzi yokha, kachigamba kongokwana pachikhatho, chifukwa ukauzunguliza mtengo umauma. Muzu ndimadula umodzi n'kukwirira dzenje. Zimandimvetsa chisoni kuti mitengo imene agogo ankaipeza kuseri kwa munda, lero ndimayenda mtunda wautali kuisaka, yapita ku makala ndi ku zigafa za fodya.

Pa ana ndiye ndimaumitsa mtima. Mayi akabwera ndi khanda loti liwombo lalowa pansi, amafuna ndimupatse zomata pamutu monga kale. Ndimayamba ndafunsa kuti mwana watsegula m'mimba kangati. Liwombo lolowa ndi chizindikiro choti madzi atha m'thupi; mwanayo akufunika bere, Thanzi ORS, ndi kuthamangira naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala. Mwana wotentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo, masamba a nimu sangamuchiritse. Ndipo woyembekezera sindimupatsa chowawa chilichonse.

Apongozi anzanga, ndi inu azibambo a kwa Zulu, mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana musadikire kuti matenda ayambe usiku. Gulitsani nkhuku, sungani ya kabaza, mwana wa eni akeyo akadikire kuchipatala. Mukafuna womuperekeza, gogodani pakhomo panga.