Dalaivala wa Amalume

Kwathu ku Neno ukanena za dalaivala aliyense amaganiza za munthu woyendetsa lole ya mbatatesi yotsika kumapiri a kwa Dambe. Koma m'nyumba ya amalume anga, kufupi ndi mtsinje wa Lisungwi, dalaivala anali ndodo. Inkakhala kudenga, yokulungidwa m'chiguduli, ndipo ife ana tinkaloledwa kuiona kokha, osaigwira.

Amalumewo ananyamula zikwama za osewera gofu pa kalabu ina mu Blantyre kuyambira 1974 mpaka 1996. Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka aja omwe amati akadutsa pa bwalo la Gymkhana kuno ku Zomba amayamba kulalikira za masewera a atsamunda, mwakwinya kale nkhope. Pirirani pang'ono, pakuti nkhani yangayi ndi ya munthu amene ankayenda kumbuyo kwa wosewerayo. Lamulo la gofu limalola ndodo 14 m'chikwama, ndipo yomenyera mpira woyamba, utakhazikidwa pa kachikhomo, ndiyo amaitcha dalaivala. Bwana akamenya amaima chilili kusirira dzanja lake. Wonyamula chikwama ndiye amatsata kampirako ndi maso mpaka komwe kakagwere. Kakagwa pa udzu wometa onse amakondwa. Kakalowa patchire, wokalimbana ndi minga ndi chitedze ndi iyeyo. Tsono funso lakuti ndi dalaivala uti amene amaponya mpira mowongoka, mabwana ankakambirana ali ndi botolo m'manja, pamene amalume ankalidziwa ndi miyendo yawo.

Ndodo yawo anawasiyira mzungu wina pobwerera kwawo. Mutu wake ndi wa mtengo wa persimmon, m'bale wake wa mchenje wathu, waukulu ngati chibakera basi, ndipo mpini wake ndi wachitsulo, wotalika mainchesi 43. Ankatigwiritsa chala pankhope ya mutuwo, ndodo ili m'manja mwawo, kuti timve kuti si yathyathyathya koma yotukuka pakati. Ankati anaikonza dala chomwecho: ukamenya mpira ndi kunsonga kwa mutu, kutukukako kumauyambitsira kumanja, kenaka umakhotera wokha pakati. Nditakula ndinakazipeza zomwezo m'mabuku, zitalembedwa m'mawu ambiri.

Zinthu zinasintha amalume akuona. Mu 1979 kampani ya TaylorMade ku America inatulutsa dalaivala wa mutu wachitsulo, mu 1991 a Callaway anabwera ndi Big Bertha, ndipo pofika 1995 anali atayamba kugulitsa wa titanium, wa mutu waukulu ndi mpini wautali koma wopepuka. Mu 1996 bwana wina amene amalume ankamunyamulira anabwera naye wotereyu kuchokera ku London. Tsiku limodzi lokha anataya mipira inayi. M'malo mokayikira dzanja lake kapena ndodo yake yodula, anati wonyamula chikwama akuibisa m'thumba kuti akagulitse. Anawapisa m'matumba pamaso pa anzawo, osapeza kanthu, komabe anawauza kuti asadzapondenso pamenepo. Zaka 22 za ntchito zinathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo amalume anali ndi chiweruzo chimodzi, ndipo ankachibwereza pa maliro ndi pa ukwati pomwe: ndodo zamakonozi n'zabodza, zimapita kutali koma sizidziwa njira, yamtengo ndiyo imamvera mwini wake. Ine ndinachimva kambirimbiri mpaka chinayamba kundinyong'onya, ndipo, ndiulule, ndinafuna kuwagonjetsa ndi sukulu yanga. Mu 2018 mnzanga wa ku Johannesburg ananditumizira dalaivala wa titanium wogwirapo kale ntchito, ndi mipira 12. Mutu wake unali wa makyubiki sentimita 460, womwe ndi malire amene oyang'anira malamulo a gofu anaika mu 2004, ndipo mpini wake unali mainchesi 45. Ndinatsikira pa Zalewa n'kukwera kabaza, ndodo ili pamsana ngati mfuti, ana akundithamangira.

Inali Seputembala, minda ili mbee, dzuwa likuswa mtengo. Tinaima kumapeto kwa bwalo la mpira la pasukulu, kuyang'ana kuminda yokololedwa. Amalume anayesa mapazi 35 m'lifupi, nazika mapesi mizere iwiri kuti akhale malire a udzu wometa. Tizikhomo anasema okha ndi mpeni. Womenya anali iwo, pakuti ine ndikagwira ndodoyo ndimalima nayo.

Anayamba ndi yamtengo. Kulira kwake n'kofatsa, ngati kugogoda pa mtondo. Mwa mipira isanu ndi umodzi, inayi inagwa pakati pa mapesi, iwiri inatuluka pang'ono, ndipo yonse tinaitola osavutika. Sinapite kutali kwenikweni. Munthuyo anali atakalamba.

Kenaka anatenga yanga, naigwedeza monyoza. "Mphwanga, ichi ndi chikho chomwera thobwa kapena ndodo?" Italira, mbuzi zinabalalika. Mpira woyamba unapitirira yonse ija ndi mapazi ambiri, uli pakati penipeni. Wachiwiri chimodzimodzi. Koma itatu yotsatira inanyamuka bwino, kenaka n'kupatukira kumanja ngati munthu woona wangongole, n'kukagwera kutchire la mitsatsi ndi minga kutsidya kwa khwawa. Wotsiriza unagwa m'malire. Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Waona? Si zomwe ndakhala ndikunena izi?"

Apa ndiye ndinatulutsa sukulu ija. Mutu waukuluwo ndi wamphako, kulemera kwake anakukankhira m'mbali, choncho supotoka msanga ngakhale mpira ugunde pambali. Umakhululuka kuposa wamtengo. Chovuta ndi mpini. Ukatalika ndi mainchesi awiri, mutu umathamanga, inde, koma kuubweza kuti ufike pa mpira utayang'ana kutsogolo kumavuta, ndipo nkhope ikafika itatseguka pang'ono pokha, mpira wopita kutali umasocheranso kutali. Ndinawapempha kuti agwire m'munsi pang'ono, kusiya zala ziwiri kumapeto kwa mpini, asemenso kachikhomo kotalikirapo, ndipo asamenye ndi ukali.

"Amalume, yesani kamodzi kokha."

Anayesa kasanu ndi kamodzi, ndi mipira ija tinatola ya ndodo yamtengo. Isanu inagwa pakati pa mapesi. Umodzi mwa iyo anaumenya ndi kunsonga, tonse tinamva kulira kwake kogontha, komabe unapita mowongoka. Anayang'ana nkhope ya ndodoyo nthawi yaitali, akupukuta fumbi ndi chala chachikulu.

Ndinayembekeza kukondwa, koma chimwemwe sichinabwere. Ndinazindikira mochedwa chimene ndinawalanda. Kwa zaka zonsezo kunali kopepuka kwa iwo kunena kuti anachotsedwa ntchito ndi ndodo yopusa, chinthu chopanda mtima, kusiyana n'kuvomera kuti munthu amene anamunyamulira chikwama zaka zambiri, namudziwa mpaka chifuwa chake, anasankha kuwatcha mbala pofuna kubisa kulephera kwake.

"Ndiye kuti akanangogwira m'munsi," anatero, osandiyang'ana. "Ndipo ine ndinaona tsiku lomwelo kuti yamutalikira. Koma wonyamula chikwama sauza bwana kagwiridwe ka ndodo ya ku London."

Tinapita kukatola mipira. Kutchire kuja tinapeza iwiri, wachitatu unasowa. Ndinati tiusiye, ilipo 11, ndipo dzuwa linali litapendeka. Anakana. Anabwerera pamene anaimira pomenya, natambasula dzanja kuloza mlambe wina kutsidya, nayenda molunjika komweko akuwerenga mapazi, ndodo yamtengo akupalasira udzu. Ndinawatsatira mpaka mdima unagwa, minga itandilasa m'miyendo monse. Azakhali anatuma mwana kawiri kuti nsima ikuzizira.

M'mawa mwake ndinadzuka kuti ndikakwere kabaza wa ku Zalewa, koma pamphasa pawo panali patapindidwa kale. Ndinawaona patali kutsidya kwa khwawa, ataweramira pansi pa mlambe uja, akupatula udzu ndi manja.