Mpweya Umene Umafinya Jinja

Ntchito yanga imayambira m'zala. Ndimatenga kachidutswa ka jinja n'kukathyola: kakalira kuti thyo, ndiye kuti kauma bwino. Kakangopindika, thumba lonse limabwerera kokayanika. Madzi amaononga ntchito yathu kuno ku Kochi, m'dera la Kerala, kumene jinja ndi tsabola wakuda zakhala zikukwezedwa m'zombo kwa zaka mazana ambiri.

Jinja tikamugaya, ufa wake ndimauthira mumphika wachitsulo wochindikala kwambiri. Kuthirako kuli ndi luso lake. Ukasiya mphako, mpweya umadzipezera njira yachidule n'kudutsa osakhudza ufa wina wonsewo, ndipo umataya tsiku lathunthu. Ukatsendera mopyola, njira imatsekeka. Zimenezi dzanja ndi limene limaphunzira.

Mpweya wake ndi carbon dioxide, womwe uja umachita thovu ukatsegula botolo la Fanta. Ukautenthetsa kupitirira madigiri 31 n'kuupanikiza kupyola pa 74 bar, umasintha khalidwe: umalowerera paliponse ngati utsi, koma n'kumasungunula mafuta ngati kuti ndi zamadzimadzi. Kurt Zosel wa ku Germany anagwiritsa ntchito njira imeneyi pochotsa caffeine mu khofi. Ife timakokera fungo. Ndikaika pa 100 bar ndimapeza mafuta opepuka onunkhira. Ndikakweza kufika pa 300, kumatuluka phala lofiirira, lodzaza utomoni. Kenaka mumphika wachiwiri timachepetsa mphamvu, mpweya umawuluka kubwerera m'thanki, mafuta n'kutsala okha pansi, opanda mankhwala ena alionse.

Amene anandiphunzitsa ntchito anakulira pa kutcheza mafuta ndi nthunzi, ndipo poyamba makinawa ankawanyoza. Tsiku lina anadontheza mafuta a mitundu iwiriyi pa supuni n'kulawa. Otcheza ndi nthunzi ananunkhira, koma sanawawe, chifukwa gingerol, chimene chimaluma lilime mu jinja, sichikwera ndi nthunzi. Athuwa anawatulutsa misozi. Sananene kanthu, anangopempha madzi akumwa.

Makinawa safuna phuma. Ndili watsopano ndinatsegula valavu mofulumira pofuna kuweruka msanga. Mpweya unazizira mwadzidzidzi, paipi inachita chisanu choyera mbee, m'kati munatsekeka ndi ayezi wouma, ndipo labala wotsekera pakamwa pa mphika ndinamupeza atatupa matuza ngati wapsa. Kuyambira pamenepo ndimaphwetsa pang'onopang'ono, ngakhale anzanga atapita kale kukamwa tiyi. Choopsa china n'chakuti mpweyawu sununkha, ndipo polemera kuposa umene timapumawu umakhazikika pansi. N'chifukwa chake kachipangizo kochenjeza tinakaika m'munsi mwa khoma, cha m'maondo.

Makinawa ndi okwera mtengo, sindikana, ndipo pa udzu wa lemongrass nthunzi imakwanira. Koma pa jinja, ine sindingabwererenso ku nthunzi.