Masisita amene anatiphunzitsa kuona wodwala

Ife amene tinakulira ku Luangwa mu Kitwe, ana a makolo ochokera ku Chipata ndi ku Katete amene anatsata ntchito za migodi, tinaphunzira unamwino m'manja mwa masisita a maso akuthwa. Kitwe Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 1958 ndi dzina lakuti Llewellin Hospital, ndiko kunali kwathu kwachiwiri. Ndimawakumbukira amayi aja ndi mtima wonse.

Sisita wathu wa m'wodi ya ana ankalowa m'mawa, wotchi ili lende pachifuwa, osayamba wagwira fayilo. Ankayamba wayenda bedi ndi bedi. Apa atsegula chikope cha mwana n'kuona kuti m'kati mwayera: magazi achepa, malungo amudya. Apo akhudza liwombo n'kupeza kuti lalowa, atsina khungu la pamimba n'kuona kuti likuchedwa kubwerera: madzi atha m'thupi. Akafika pa mwana wotsokomola ankamuvula malaya, nawerenga mpweya kwa mphindi yathunthu. Khanda la miyezi 2 mpaka 11 likapuma ka 50 kapena kuposa, kapena nthiti zikamalowa m'kati, ankati, "Mwanangu, ichi n'chibayo, thamanga ukaitane adokotala." Adokotala pofika ankapeza oksijeni yaikidwa kale.

Chimene ndinachikonda koposa n'chakuti ankamvera amayi a ana. Mayi akati, "Asisita, mwanayu sali mmene analili dzulo," ankasiya zonse n'kupita kukaona, ngakhale thupi la mwanayo lisakutentha. Ankatiuza kuti mwana wodwala akasiya kulira n'kungoti zii, tisamati wapeza bwino. Ambiri anapulumuka chifukwa cha mawu amenewa, makamaka aja olandira kwinini, amene shuga wa m'magazi amawatsikira mwakachetechete.

Kolera itagwa mu Kitwe mu 1992, nzeru zimenezi zinaoneka phindu lake. Odwala ankabwera pa mawilibala ndi pamsana kuchokera m'makomboni. Namwino ankayenera kusankha mwamsanga: uyu angathe kumwa, mupatseni Madzi a Moyo pang'onopang'ono, uyo maso alowa, mtsempha wa pamkono sukumveka, aikidwe diripu tsopano lino. Panalibe nthawi yodikira zotsatira za ku labu. Tinkagwira ntchito miyendo itatupa, fungo la klorini lili m'zovala, koma palibe ankafuna kuchoka mnzake asanafike.

Zinanso zinali zooneka zazing'ono. Nkhalamba yogona pabedi tinkaitembenuza pa maola awiri alionse kuti isachite zilonda. Mayi akangobereka tinkamugwira pamimba kuti timve ngati chiberekero chalimba, chifukwa chikafewa magazi amataika ambiri. Bambo wa mumgodi wotsokomola nthawi yaitali tinkamutenga makhololo, popeza fumbi la miyala limatsegulira njira chifuwa chachikulu. Ndipo wodwala aliyense ankapatsidwa moni waulemu, m'Chibemba kapena m'Chinyanja, asanabayidwe jakisoni.

Lero chipatala chija ndi Kitwe Teaching Hospital, ndipo makina oyezera achuluka kumeneko ndi ku chipatala cha Arthur Davison ku Ndola. Ndimakondwera nazo zimenezi. Koma inu ana anga amene mwavala yunifomu yoyera, musanayang'ane pa makina yambani mwayang'ana nkhope ya wodwala, mumugwire dzanja, ndipo mumufunse womudikirira kuti usiku wagona bwanji.